Mchere wa pamsewu wa ku Lupembe

Lolemba

Alamu anga a Lusekelo atumizanso vidiyo kuchokera ku Canada. Akuyendetsa chigalimoto chopopera msewu kuti ayisi asagwire. Kumbuyo kwake kuli tinozo tambirimbiri, kalikonse kakulavula madzi mzere wakewake, mizere yoongoka ngati ya m'kope. Akadina batani m'kati, tinozo ta kumanzere tikutseka tokha. Tokha!

Akazi anga, mayi a Wongani, aonera katatu. Ndawerenga. Akuti, "Achimwene ali patali nadi."

Patali pati? Munthuyu ndinamuphunzitsa ndine livesi ku Chilumba, ndipo anagunda mtengo wa mango womwe unangodziimira.

Inenso ndimapopera msewu. Bauza yanga, galimoto ya thanki, imathira madzi pamsewu womwe tikukonza ku Lupembe kuti fumbi ligone. Koma nozo yanga ndi paipi yoboola ndi msomali. Palibe amene anaionerapo katatu.

A kapitawo akuti mabwana akubwera Lachisanu. Anthu adandaula fumbi. Likapezekabe, makiyi a bauza apita kwa dalaivala wina. Nsanje ndili nayo, sindikana. Tsopano ndi mantha omwe.

Lachiwiri

Ndafunsa alamu mochenjera, ngati wongocheza. Ayankha ndi mawu aatali, mphuno ikumveka chimfine. Akuti si madzi wamba, ndi madzi a mchere. Akutinso nyengo yotentha ena amathira omwewo pamisewu yadothi, chifukwa mchere umasunga chinyezi ndipo fumbi silidzuka.

Basi? Chinsinsi cha ku Canada chonsecho ndi mchere?

Zofunika:
tinozo ta masipuleya a thonje, ndibwereka kwa alimi
mchere wamiyala, matumba awiri
wowotcherera amene salankhulalankhula
foni ya mayi a Wongani, chifukwa yanga kamera inasweka

Lachisanu adzajambule ine. Tione ngati sadzaonera kanayi.

Lachitatu

Tinozo tapezeka tisanu ndi titatu. Tiwiri tikununkhabe mankhwala a thonje. Wowotcherera waboola paipi n'kutimangirira, akufunsa mafunso osatha. Ndinasankha molakwika.

Ndayesa ndi madzi okha. Akutuluka ngati nkhungu! Kukongola kwake! Ndatsika kukaonerera, mtima uli mokondwa. Vuto ndi lakuti nkhunguyo sikufika pansi. Mphepo yaitenga yonse n'kukaithira pampunga womwe mayi wina wayanika m'mbali mwa msewu. Wandilalatira m'Chinkhonde. Sindinamve mawu ake, koma zonse zamveka.

Masana tinozo titatu tatsekeka ndi mchenga wa mumtsinje momwe ndimatunga madzi. A Lusekelo sananene kuti kwawoko madzi amasefa.

Atumiza chithunzi china: jekete yowala, chipewa chaubweya, kapu ya khofi. Ine malaya anyowa ndi thukuta kuyambira sikisi koloko.

Lachinayi

Mchere ndathira m'thanki. Ndavundula ndi nsungwi mpaka msana kuwawa. Theka lasungunuka.

Tinozo tonse tatsekeka. Tonse! Ndatokosa ndi singano, ndaphulitsa ndi pakamwa, milomo yachita kusweka ndi mchere. Pomaliza ndatichotsa tonse mokwiya. Patsala mabowo aakulu ngati chala chamanthu, ndipo thanki yonse yakhuthukira pakamtunda kamodzi, kuchokera pamlatho kukafika pachigayo.

Koma taonani! Dzuwa laswa mtengo tsiku lonse, ndipo kamtundako kakadali kakuda, konyowa. Lole yadutsa, fumbi zii. Minibasi yadutsa, fumbi zii.

A kapitawo ayang'ana, akanda mutu. "Mwachita bwanji apa?" Ndawayankha kuti ndi luso lakunja.

Ndathiranso thumba lachiwiri, pamwamba pa loyamba. Ndauza mayi a Wongani kuti mawa avale bwino, foni idzaze moto.

Lachisanu

Sindikufuna kulemba. Ndilembabe.

Ndikufika m'mawa, msewu sukuoneka. Ng'ombe! Kuchokera pamlatho mpaka pachigayo, ng'ombe zokhazokha, mitu pansi, zikunyambita msewu. Mbuzi zili m'mipata. Za mudzi uno, za mudzi winawo, zina eni ake akuti zathyola khola.

Ine ndinakulira m'tauni ku Limbe. Ndani anandiuzapo kuti ng'ombe ikamva mchere imaiwala mwini wake?

Hutala sizikumva. Chikwapu sizikumva. Ikachoka imodzi, ziwiri zalowa. Galimoto ya mabwana yaima kuseri kwa gulu lonselo ola lathunthu, magalasi otseka. Nkhunzi ina yanyambita ndi tayala lawo lomwe.

Fumbi palibe, zimenezo palibe angatsutse. Pali ndowe.

A kapitawo sanakalipe. Angotambasula dzanja. "Makiyi."

Mayi a Wongani avaladi bwino. Ajambula zonse.

Loweruka

Andipatsa mbendera yofiira. Ntchito yanga tsopano ndi kuimitsa magalimoto ndi kuingitsa ng'ombe. Magalimoto amamvera.

Bauza yanga akuyendetsa munthu wina, akutsuka nayo mchere wanga. Akusintha magiya ngati akuthyola nkhuni. Mtima ukundiwawa kuposa momwe unkawawira ndi Canada.

Alimi akufuna tinozo tawo. Tiwiri sitikuoneka, mwina tili m'mimba mwa mbuzi.

Mkulu wina wa ng'ombe zambiri wabwera kudzandigwira chanza ndi manja awiri, akuthokoza m'Chinkhonde. "Ndaga fijo, adalaivala. Kodi muzathiraso liti?"

Vidiyo ija yafika kale ku Kaporo. Kondakitala wina wandiloza pawindo, akukuwa kuti, "Awo a mchere aja!"

Lamulungu

Kutchalitchi anthu akundipatsa moni wambiri kuposa masiku onse, ndipo aliyense akumwetulira mopitirira.

Mayi a Wongani anatumiza vidiyo ija ku Canada. Alamu ayankha kuti aonetsa anzawo onse a kuntchito. Akuti iwo amapopera msewu mtunda wautali osakumana ndi munthu, ngakhale galu, zala zitauma ndi kuzizira. "Alamu, inu muli bwino. Mukathira, kumabwera alendo."

Sindikudziwa ngati akundiseka. Ndikuganiza kuti akundiseka.

Makiyi sabwerera, a kapitawo anena mosabisa. Mawa mbendera, mkuja mbendera. Nsapato zanga zantchito ndaziika padenga, chifukwa mbuzi ya aneba yayamba kuzinyambita.

Masana ano mayi a Wongani akhala pakhonde ndi foni, akuonera ine ndikuthamangitsa nkhunzi ndi chipewa, akuseka mpaka misozi.

Aonera kasanu. Ndawerenga.