Kanyali Kamene Kanatigawira Zipani mu Ofesi

Ndikulemba nkhaniyi ndili ku Mzuzu konkuno, m'kanyumba komwe kaja ka ku Mzilawaingwe, jekete ili m'thupi. Chikwama chomwe ndinalongedza kuti ndizibwerera kwathu ndinachimasula kalekale. Chinandisokonezera ulendo ndi kanyali kochepa ngati sopo wosambira, ndipo musafunse kuti anandikakamiza kugula ndani. Ndinapita ndekha ndi miyendo yanga iwiri.

Ndine kalaliki mu ofesi ina ya boma (dzina lake tilisiye, ana anga akufunabe kudya). Ananditumiza kuno zaka zinayi zapitazo, banja n'kutsala ku Lilongwe poti akazi anga ndi aphunzitsi kumeneko. Mwana wathu womaliza, Tadala, amandidziwira pafoni. Ndikapita kukawaona amatha tsiku lathunthu akubisala kuseri kwa mayi ake, ndipo akamayamba kundizolowera basi yobwerera imakhala ikundidikira. Zimawawa, abale.

Kalata yanga yopempha kusamutsidwa inagona m'dirowa ya abwana athu, bambo Msiska, mpaka kumera chuku. Ndikawakumbutsa ankangoti, "Tiona makora, mwana wanga, tiona." Koma Mulungu si Jemusi, nthawi yawo yopuma pantchito inakwana. Wachiwiri wawo, mayi Munthali, ndiwo ankayembekezeka kutenga mpandowo, ndipo tsiku lina anandiitanira pambali.

"Achimwene, mwavutika chomene," anatero. "Sabata yoyamba ndikangokhala pampando paja, kalata yanu ndisayina."

Tsiku limenelo ndinaimbira akazi anga kuti ayambe kusuntha katundu mu wadirobu, mwini malo akubwera.

Tsono ine ndili ndi kamatenda kojambula makanema pafoni. Kwaya ya kutchalitchi kwathu ndaijambulapo, ubatizo wa mwana wa alandilodi ndajambulapo. Komiti yokonza phwando lotsanzikana ndi bambo Msiska itamva zimenezi, inandipempha kuti ndikonze kanema woti aliyense wa mu ofesi anenepo mawu awiri atatu. Wapampando wa komitiyo anali mayi Munthali omwewo. Mumtima ndinati apa ndiye pomwetsa chigoli, adzasayina akumwetulira.

Vuto linali mdima. Amene munakhalako ku Mzuzu nyengo yozizira mukudziwa. Nkhungu imagona pamazenera mpaka masana, kamvula kowaza kosatha, magetsi nawo akabwera amakhala ngati mlendo wodutsa. Ndinayesera kujambula bambo Soko, amesenjala athu, koma ankaoneka ngati akulankhulira m'nkhokwe. Ndinaona kuti pakufunika nyali.

Loweruka ndinakwera njinga yamoto kupita m'tauni, kushopu ina ya zamagetsi kufupi ndi msika waukulu. Wogulitsa anali mayi wina wamagalasi, wosachedwa kuwerenga munthu.

"Monire adada. Mukufuna vichi?"

Ndinafotokoza. Anatulutsa nyali ziwiri za LED n'kuziika patebulo. Ina inali yaikulupo ngati buku la nyimbo, yowala zoyera basi, ukafuna n'kuichepetsa kapena kuiwonjezera. Inayo ndi kanyali kaja. Kanali kolowa m'thumba la malaya, kotchaja ngati foni, kumbuyo kuli maginito oti kamamatire pachitsulo. Mayiwo atangopotokola kabatani ka m'mbali, khoma lonse la shopu linasanduka lofiira, kenako lobiriwira, lachikasu, labuluu, mpaka mitundu ina imene m'Chichewa mulibe dzina lake.

Ine pakamwa yasa!

"Mukukajambula anthu akulankhula mu ofesi?" anafunsanso mayiwo. "Tengani yoyerayi. Imakhalitsa moto, nkhope zimatuluka bwino. Kakang'onoka ndi ka ana a ku Luwinga ojambula nyimbo zawo zovina."

"Koma kali ndi mitundu ingati?"

"Yambiri chomene. Koma imwe adada, mitundu yonseyo mukapanga nayo vichi?"

Funso limenelo linali uphungu wa ulere. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma ine khutu langa linali litapita kale ndi kanyali. Ndinawauza kuti iwo sakudziwa za luso (ndinanenadi mawu amenewa, kwa munthu amene wagulitsa nyali zaka zambiri kuposa zimene ine ndagwira foni). Anangopukusa mutu n'kukulunga. "Yewo. Muyende makora."

Lolemba ndinasandutsa chipinda chosungira mafayilo kukhala malo ojambulira. Ndinakhazika mpando pafupi ndi zenera kuti nkhope izipezako kuwala, kanyali ndinakamata pakabati yachitsulo kuti kaziwalitsa khoma la kumbuyo. Apa m'pamene satana anandinong'oneza nzeru. Ndinati anthu khumi ndi awiri kulankhula kutsogolo kwa khoma limodzi lotuwa, oonera agona. Bwanji aliyense akhale ndi mtundu wakewake?

Ndiyenera kukuuzani kuti nthawi imeneyo zisankho zinali zitangodutsa kumene. Mu ofesi za boma munthu ankasankha tayi m'mawa ngati akusankha mkazi. Ine amene ndinali ndi malaya awiri abwinobwino omwe ndinasiya kuvala chifukwa cha mtundu wake. Ndiye musandifunse kuti nzeru imeneyi inathawira kuti pa Lolemba lija. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Bambo Soko ndinawapatsa wachikasu. Anzathu awiri a kuakaunti, wina wobiriwira wina wofiira. Adalaivala wa olenji. Iwo sankaona kanthu poti khoma linali kumbuyo kwawo, maso ali pafoni yanga, ndipo aliyense ankatuluka asanalowe mnzake. Mayi Munthali anabwera pomaliza, atavala bwino, tsitsi atakonza. Ndinati awa ndiwo ofunika, ndiwasungire mtundu umene ukutuluka bwino kuposa yonse, ndipo ndinautsegula mpaka pamapeto kuti khoma lichite kunyezimira. Mtunduwo sindiutchula pano, ndavutika nawo mokwanira. Ingodziwani kuti unali wa chipani chimene chinali chitangotuluka kumene m'boma.

Ndinalumikiza zidutswazo masiku awiri, ndikudzitamandira ndekha. Lachitatu madzulo poweruka ndinaponya kanemayo pagulupu ya ofesi kuti anzanga alaweko phwando lisanafike. Ndinadikira zithunzi za m'manja. Palibe anayankha. Ndinati mwina netiweki.

M'mawa mwake ndinapeza bambo Soko atandidikira pageti, tsache lili m'manja.

"Bwana, mwawuka uli? Ine mwandilembetsa liti kuchipani chija?"

"Chipani chanji, bambo Soko?"

"Yayi, musandipusitse. Mlamu wanga wa ku Ekwendeni wandiimbira, akuti kodi ndinalowa liti osamuuza. Ine zaka zonsezi voti yanga ngakhale mkazi wanga saidziwa!"

Kanemayo anali atatuluka kale pagulupu yathu, wina anamutumiza kwa wina, winayo kwa wina, ndipo penapake m'njira munthu wopanda ntchito analembapo pamwamba kuti: onani mmene ofesi iyi yagawanirana. A kuakaunti awiri aja, omwe akhala desiki imodzi zaka zisanu ndi ziwiri akugawana chinangwa, tsiku limenelo anamwa tiyi aliyense payekha. Adalaivala okha ndi amene anakondwa, akuti ndinawalotera bwanji.

Mayi Munthali anandiitana, n'kutseka chitseko.

"Achimwene, ndinakulakwirani chiyani?"

"Amama, ndi nyali chabe. Mtundu umenewo ndi umene unkaoneka bwino..."

"Unkaoneka bwino! Foni yanga yalira kuchokera ku likulu kawiri m'mawa uno. I am only acting, mukudziwa zimenezo? Kalata yonditsimikiza pampando sinatuluke. Ndiye inu mukundiika kutsogolo kwa khoma limenelo, lowala kuposa la wina aliyense?"

Ndinapepesa mpaka malovu kuuma. Ndinalonjeza kuti pofika mawa, tsiku la phwando, ndikhala nditakonza. Munthu wanzeru akanapempha anthu aja kuti awajambulenso pakhoma loyera. Koma ndani akanakhalanso pampando wanga uja? Bambo Soko ankachita kuzungulira kuseri kwa nyumba kuti asadutse pakhomo pa chipinda cha mafayilo.

Ndiye ndinapeza nzeru yachiwiri, ndipo ndinadziombera m'manja. Ndinachotsa mitundu yonse, kanema yense n'kukhala wakuda ndi woyera ngati zithunzi zakale. Chipani chake chiti pamenepo? Poona kuti wafatsa kwambiri, ndinaikamo kanyimbo ka limba koyenda pang'onopang'ono, koyambirira n'kuikapo chithunzi cha bambo Msiska atavala suti, pansi pake dzina lawo ndi zaka zimene anayamba ndi kumaliza ntchito. Ndinaponya pagulupu n'kupempha kuti amene anafalitsa woyamba uja afalitsenso uyu.

Anandimvera. Kanali koyamba anthu a mu ofesi kundimvera.

Taganizani inuyo muli kumudzi kwa bambo Msiska ku Rumphi, foni yalira, mwatsegula. Chithunzi cha mchimwene wanu chotuwa, zaka ziwiri zija pansi pake, limba likulira. Kenako bambo Soko, nkhope ili yakugwa, akuti, "Anali munthu wabwino chomene, sankakalipa." A kuakaunti akuti, "Atisiya tili manja m'khosi." Mayi Munthali akupukuta m'maso ndi kampango, akuti, "Dzenje limene asiyali n'lovuta kulikwirira."

Lachisanu cha m'ma leveni, tikukonza mipando ya phwando, tinamva kulira kuchokera kugeti. Anali alongo awo a bambo Msiska ndi amayi ena atatu, zitenje m'chiuno, mipango kumutu, atsika kumene minibasi. Foni ya abwana inali yozima kuyambira dzulo lake chifukwa anatopa ndi mafunso a zipani, ndiye achibale ataimba osapeza munthu anati basi zachitika. Anafika pakhonde akubuma, ndipo amene anatuluka kudzaona chaphokoso ndi bambo Msiska eni ake, nthochi yosenda ili m'manja.

"Chiuta wane!" anakuwa alongo awo, n'kukhala pansi pomwepo pasimenti yonyowa.

Zimene zinanenedwa pambuyo pake zinali m'Chitumbuka chothamanga, ndipo ine Chitumbuka changa n'chogulira tomato basi. Koma chala ndinachimva, chifukwa aliyense ankaloza ine. Abwana anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Mwana wanga, Lachitatu unandigawira ofesi, Lachisanu wandipha. Ukanakhala ndi sabata ina ukanatani?"

Phwando linachitika ndithu, alendo a maliro aja anadya nawo mpunga, kanema sanaonetsedwe. Ine ndinakhala kumbuyo pafupi ndi makireti.

Zotsatira zake sizinachedwe. Kaya ndi chifukwa cha khoma lija kaya zinali kale m'mapulani, palibe anatiuza, koma mpando wa bambo Msiska sunapite kwa mayi Munthali. Anatumiza bwana wina kuchokera ku Lilongwe. Mayiwo sanandikalipirenso, ndipo chimenecho n'chimene chimandipweteka kwambiri. Timapatsana moni m'mawa uliwonse, iwo amati "Yewo, achimwene," n'kudutsa. Ndinawalanda chinthu chimene anachigwirira ntchito zaka zambiri, chifukwa chofuna kuwakometsera.

Bwana watsopanoyo nditamutengera kalata yanga, anaiwerenga n'kuseka. "Ndinu aja a kanema? Ine andichotsa ku Lilongwe chifukwa cha inu, banja ndasiya komweko, ndiye inu muzipita ine nditsale? Khalani kaye, tizizidwire limodzi." Anatsegula dirowa yomwe ija.

Akazi anga nditawafotokozera anangofunsa kuti, "Nyali yoyera ija inalipo?" Ndinati inalipo. Anati, "Chabwino," ndipo ndinamva chitseko cha wadirobu chikutsekedwa.

Phunziro ndinalitola, lakuti wogulitsa akakufunsa kuti chinthu ukachita nacho chiyani, yamba wayankha usanapise m'thumba. Koma kanyali kaja sindinataye. Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi ndimaimba foni ya kanema kunyumba, ndipo tsiku lina Tadala anaona kanyaliko patebulo. Ndinayatsa. Mwana amene ankandithawa uja anakuwa ndi chimwemwe, ndipo tsopano amachita kulanda foni kwa mayi ake. "Adadi, ofiira! Adadi, obiriwira! Wina! Wina!" Ndimapotokola kabatani mpaka batire kutha, khoma la alandilodi likusinthasintha kumbuyo kwanga. Ndi munthu yekhayo m'dziko muno amene ndingamuyatsire mtundu uliwonse osaitanidwa mu ofesi.

Sabata yatha aphunzitsi ake anafunsa ana m'kalasi kuti bambo awo amakhala kuti. Ena anati ku Kawale, ena ku Joni. Tadala anaimika dzanja n'kunena kuti adadi ake amakhala m'foni.