Wokhoma Zidebe Aletsa Phokoso Pakhomo

Lolemba

Ndabwera kuchokera kusikelo. Ine, bambo wa imvi, wokhoma zidebe, kusikelo ya amayi oyembekezera. Mwana wanga Felesiya ndi woyembekezera, mwamuna wake Lusiyano ali ku Joni, ndiye womukweza panjinga ndatsala ndine. Ndimati ndidikire pansi pa mtengo, koma anamwino andikodola: "Lowani bambo, nanunso zikukukhudzani." Ndakhala pabenchi pakati pa mimba zokhazokha, chipewa pabondo.

Phunziro la lero: nkhawa. Anamwino akuti munthu akaopsedwa, tiziwalo tina pamwamba pa impso timathira timadzi m'magazi. Akuti mahomoni. Ena dzina lake kotizolo. Galu akakuthamangitsa ndi abwino, amakupatsa liwiro. Koma galuyo akakhala wa m'mutu, wosabwerera kwawo, timadzito timangotuluka tsiku ndi tsiku mpaka ubongo kutopa. Tulo kusowa. Kuiwalaiwala. Kupsa mtima pa zazing'ono. Ena mpaka osafunanso kudzuka pamphasa. Akuti sizisankha msinkhu. Mwana wa m'mimba amalandirako za mayi ake, mwana wokulira m'mantha amatha kukula ndi mtima wodzidzimuka, nkhalamba nayo nkhawa zimaionjezera kuiwala.

Ndacheuka kuyang'ana Felesiya. Maso ali pa foni. Lusiyano anasiya kumuimbira mwezi watha, chifukwa chake sitikuchidziwa. Mwanayu sakudya bwino. Masaya alowa, mimba yokha ndiyo ikukula.

Pobwerera ndapalasa mozemba kadzenje kalikonse, uku ndikuganiza. Pakhomo panga pakhala bata sabata yonse. Malamulo ndalemba ndi khala pa lata lotsala, ndalipachika pa mtengo wa mango:

Wailesi ayi.
Nkhani za maliro zithere kumsewu.
Kukalipa ayi.
Tambala apite kwa alamu.
Nyundo yanga ipume.

Lomalizali landiwawa polemba.

Amake Felesiya awerenga, manja m'chiuno. "Ndiye inu muzitani tsiku lonse?" Ndati ndiziyang'anira bata.

Lachiwiri

Bata layamba. Ndasesa pamene ndimakhomera. Chitsulo changa cha njanji chokhomerapo ndachiphimba ndi thumba. Ndakhala. Ndaimirira. Ndakhalanso.

Sindimadziwa kuti m'mawa umatalika chonchi.

Tambala ndakamutula kwa alamu kutsidya kwa mtsinje. Ine pofika pakhomo, iye wafika kale. Ali pamwamba pa khola la mbuzi, akulira chondiyang'ana.

Zomwe ndaletsa lero:
kusinja (amake Felesiya akufunsa ngati nsinjiro za m'ndiwo azikagayitsa kuchigayo);
kukwecha mapoto ndi mchenga pafupi ndi zenera la Felesiya;
mayi wina wa ku Kadewere yemwe wabwera ndi ndowa yobooka. Ndamunong'oneza kuti abwere sabata ya mawa. Iye wayankha mokuwa, poganiza kuti ndagontha.

Masana ndazindikira komwe kuli galu wa m'mutu uja. Ndi foni. Felesiya akangoti pang'ono waiyang'ana. Ikalira kauthenga kotsatsa malonda, wadzidzimuka, kenako nkhope yagwa. Atalowa kubafa ndaitenga, ndaizimitsa, ndaikulunga m'sokosi, ndaiika mu mbaula yosagulidwa, pansi pa zinzake.

Wafunafuna nyumba yonse. Ndamuthandiza kufuna. Ndagwada mpaka kusuzumira pansi pa bedi. Ndati mwina agogo ake aisunga penapake. Apongozi angawo amakhala m'kanyumba ka kuseri, ndi okalamba kwambiri, masiku ano amaiwala ngakhale maina a zidzukulu. Aliyense wavomera kuti n'zotheka.

Mtima ukugunda ngati ndaba mbuzi ya eni. Koma ndi za ubwino wake.

Lachitatu

Zavuta.

M'mawa apongozi atuluka, aima pakhomo pawo, atchera khutu. Kenako afunsa mwana wawo: "Akamwini sakukhoma. Wamwalira ndani?" Awauza kuti palibe. Alowa. Patapita kanthawi atulukanso, funso lomwe lija.

Kunena zoona, chikwatirire pamudzi pano nyundo yanga imakhala chete Lamulungu ndi pamaliro basi. Ine sindinaganizeko.

Dzuwa lili pamutu, apongozi akhala pansi pakhonde, atambalala, ayamba kulira maliro m'Chilomwe. Mawu akadali nawo. Ine ndili kuseri kumangirira tambala mwendo. Pomwe ndikutulukira, pabwalo pali:
amayi a mphakati wathu, mipango kumutu;
wina ndi mtolo wa nkhuni;
wina ndi ufa m'beseni;
a tcheyamani a mphakati, akufunsa kale za matabwa.

Mayi wa nkhuni atandiona waponya mtolo pansi. "Ife tamva kuti ndinu."

Ine wamoyo, tambala kukhwapa, kufotokozera anthu za impso. Ndayesa kunena kotizolo, a tcheyamani afunsa ngati ndi matenda amene anditenga. Onse akulankhula nthawi imodzi, apongozi akupitiriza, mbuzi zalowererapo. Ndakwera pa chitsa, ndakuwa ndi mawu anga onse kuti pakhomo pano sitikuwa.

Lamulo lachitatu ndaswa ndekha, pamaso pa mphakati.

Ndili pa chitsapo ndaona Felesiya pazenera, dzanja pakamwa, mapewa akugwedezeka. Mano ake ndinawaona kalekale. Ndamuuza kuti atseke zenera akapume, izi si zabwino kwa mwana.

Ufa uja ausiya. Akuti chomwe chabwera pamaliro sichibwerera.

Lachinayi

Tulo sindinatione bwino.

Zomwe ndachita lero:
ndapita kusitolo, ndaima pakauntala, ndaiwala chomwe ndafuna, ndabwerako ndi machesi;
ndathira mchere mu tiyi;
ndakalipira nkhuku chifukwa choyenda pa lata;
ndakayang'ana mbaula ija kangapo, ngati foni ingamere miyendo.

Ndikayerekeza ndi zomwe ananena anamwino, wodwala pakhomo pano akukhala ngati ndine.

Madzulo amake Felesiya agwetsa beseni kumbuyo kwanga. Ndadumpha, mikono kumutu. Munthu wamkulu. Ndakhala pansi, thukuta kuti chuchuchu, ndipo zandikumbutsa ku Magomero. Amayi atamwalira ndinakulira kwa amalume. Akamachokera ku mowa tinkawadziwa ndi mayendedwe ali kutali, ngati lero kuli mtendere kapena lamba. Ndinaphunzira kumvetsera chilichonse, chitseko, chifuwa, mbale. Amalumewo anapita kale, koma khutu lija lidakalipo. Mpaka lero chinthu chikagwa mosayembekezera mapewa amakwera okha.

Nyundo yanga yokha ndiyo siinandidzidzimutsepo. Ndimadziwa pomwe igwere. Ndikamakhoma sindimva zina zonse. Sabata ino ndikumva mpaka chiswe m'denga.

Kaya ndiye kotizolo wa ubwana ameneyu. Kaya.

Felesiya sanatuluke m'chipinda tsiku lonse. Ali phee. Ndauza amake kuti mbali imeneyo yokha zikuyenda. Andiyang'ana nthawi yaitali. "Mwanayo sakupuma. Akumira." Atola beseni lawo, apita.

Lachisanu

Ndilembe msanga manyazi asanandiletse.

M'mawa kwafika njinga ya kabaza. Wotsikapo ndi amalume ake a Lusiyano, ankhoswe a ukwati, jekete lakuda, maso ofiira. Ataona Felesiya akutuluka kubafa agwira mtengo wa mango kuti asagwe.

Nkhani ndi iyi. Lusiyano anamuchotsa ntchito, foni anamubera, ndiye kukhala chete konse kuja. Sabata ino wabwereka ya mnzake, wakhala akuimbira mkazi wake, siikupezeka. Ndiye wina wa m'mudzi muno yemwe ali ku Joni komweko wamuuza kuti kwa apongozi ake kunali maliro Lachitatu. Mwana wa eni wadziwerengera yekha: mkazi woyembekezera, foni yozima, maliro. Akuti wakhala akulira ngati mwana, osadya, anzake akumugwira kuti asayambe ulendo wapansi.

Ankhoswe afunsa kuti nanga foniyo ili kuti. Tonse tayang'ana apongozi. Inenso ndayang'ana apongozi, Mulungu andikhululukire.

Iwo akusenda chinangwa, osadzutsa ngakhale mutu. "Ili mu mbaula. Anaika akamwini. M'sokosi."

Munthu woiwala dzina la mdzukulu wake. Izi zokha wakumbuka, mpaka sokosi.

Ndakaitenga ndekha. Pabwalo ponse zii, bata lenileni lomwe ndakhala ndikulifuna sabata yonse, ndipo silokoma.

Felesiya sanandikalipirepo chibadwire. Lero wandiuza zonse. Zambiri sindilemba. Izi zokha: "Ababa, munagwada n'kumafuna nane pansi pa bedi."

Wayatsa foni. Sipanapite nthawi yalira. Wapita nayo kuseri kwa khola. Tamva kulira, tamva kukalipa, tamva kuseka, kenako kuliranso. Ndimati ndikamuuze kuti achepetse. Amake andigwira malaya kumbuyo.

Atabwerako wakhala pamkeka, wadya chinangwa ndi nandolo mbale yodzaza, wapemphanso.

Ankhoswe potsanzika andigwira dzanja. "Achimwene, ulendo wina mukafuna bata muzitiuza, tikonzekere."

Loweruka

Palibe akundilankhula, kupatula apongozi, omwe andifunsa kudzera mwa mwana wawo ngati maliro anayenda bwino.

Mutu ukugunda kumbuyoku. Ndapalasa kupita kuchipatala kuja, ndapeza anamwino omwe aja akulongedza. Andimanga chopimira pamkono. Magazi akuthamanga kwambiri. Afunsa chomwe chikundisautsa. Ndafotokoza kuyambira pa tambala.

Pofika pa nkhani ya mayi wa nkhuni, anamwino anali atakhala pansi, akupukuta misozi ndi mpango.

Atatha kuseka akuti: "Bambo, ine sindinati mutseke anthu pakamwa. Ndinati munthu akhale ndi womuuza zakukhosi, adye, agone, aziyendako. Simunamve?" Sindinamve. Nthawi imeneyo n'kuti ndikupanga kale malamulo m'mutu.

Zina zomwe anena:
nkhalamba yoiwala imatsamira pa zomwe inazolowera, ukazichotsa imasokonezeka;
masiku ochepa ovuta saononga mwana wa m'mimba, choopsa ndi nkhawa yokhalitsa munthu ali yekhayekha;
Felesiya akabwerera ku kusadya ndi kusagona, tibwere naye msanga, thandizo lilipo;
za ku Magomero zija si zamanyazi, thupi linaphunzira kudziteteza ndipo limachedwa kumva kuti nkhondo inatha;
ine ndibwerenso adzandipimenso, ndichepetse mchere.

Za tiyi sindinawauze.

Pofika pakhomo wailesi ili pamwamba, mtondo ukulira, amake Felesiya akukangana ndi alamu za malire a dimba. Lata la malamulo atsekera pomwe nkhuku zimatulukira. Sindinafunse.

Lamulungu

Kutchalitchi anthu akundipatsa moni ndi manja awiri. Wina wandifunsa kuti kumanda kukuzizira bwanji. Mbiri imeneyi ndifa nayo, ndavomera.

Nkhawa pakhomo pano zilipo zonse. Lusiyano alibe ntchito, ndipo mwanayu adzabadwa bambo ake kulibe. Apongozi sachira. Magazi anga akuthamanga. Sabata yathunthu ndagwira ntchito, palibe chomwe ndachotsapo.

Masana ndakhala pakhonde ndekha. Felesiya watuluka ndi mkeka, wayala pafupi nane, wakhala movutikira, dzanja kumsana. Kenako wayamba yekha, osandiyang'ana. Akuti akuopa tsiku lobereka. Akuti kumjigo amayi amanong'onezana kuti mwamuna wake anakwatira wina. Akuti nthawi zina amadzuka osamva chikondi chilichonse pa mwana ali m'mimbayu, kenako n'kumadziona ngati mfiti.

Ndati za kumjigo ndikawauza a tcheyamani. Ndati madzi ndizikatunga ndine. Ndati tsiku lobereka tikonzeretu galimoto, ndikudziwa munthu ku Nguludi.

"Ababa, musakonze. Ingomvani."

Ndatseka pakamwa. Wapitiriza. Zina n'zoti bambo sayenera kumva, koma ndamva. Walira pang'ono, wapukuta mphuno ndi chitenje, wapitirizanso.

Kumbuyo kwake chitseko cha kukhitchini chapendekeka, msomali wa pamwamba watuluka theka. Ndi ntchito ya kamphindi. Ndauyang'ana, ndayang'ana mwana wanga, ndauyang'ananso.

Manja ndawakhalira. Iye walankhula mpaka mthunzi wa nyumba wafika pa khola la mbuzi.