Ampulifaya Yodzizimitsa Yokha

Lolemba

Batire ya sola yaumanso. Wolakwa ndine: popita kudimba ndaiwala kuzimitsa ampulifaya, yangotsala ikung'ung'udza yokha tsiku lonse. Foni ya mayi a Patuma, yolandirira maoda a tomato, yagona ndi njala. Chigamulo chawo: "Ikaumanso sabata ino, chiwailesi chanucho chipita kwa achimwene ku Ulongwe." Alamu angawo, Che Yusufu, ali ndi vidiyo sho kumeneko, ndipo ampulifayayi anayamba kalekale kuiponyera maso.

Ndikuopa. Ine pano ndine mkamwini. Nyumba, munda, mbuzi, zonse n'zakuchikazi. Changachanga chomwe ndinabwera nacho kuchokera kwathu ku Phalula ndi ampulifaya yomweyi.

Koma nzeru yabwera. Bwanji izidziyatsa ndi kudzizimitsa yokha? Ndikudziona ndikulowa m'nyumba, nyimbo ikundichingamira ngati bwana.

Lachiwiri

Kugalaji ku Ulongwe. Ndapeza:

kaswichi ka chitseko cha minibasi yakufa, kaja kamayatsa getsi ukatsegula;

waya, wautali ndithu;

tepi wakuda.

Pobwerera ndapitirira njira yakwathu osadziwa. Maganizo anali patali: nyumba ya malata, masipika mpaka kubafa, anthu akuchokera ku Ngokwe kudzaona.

Lachitatu

Zatheka! Kutsegula chitseko, nyimbo. Kutseka, zii. Ndalowa n'kutuluka mpaka nkhuku zayamba kundidabwa.

Chomwe sindinaganize n'chakuti kuno chitseko chimakhala chotsegula kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Pofika masana kagetsi ka batire kafiira. Ndathamanga kukatseka.

Lachinayi

Lero chitseko n'chotseka tsiku lonse. Batire ili bwino, mbiri yanga ndiye yaonongeka. Apongozi aima patali pansi pa mtengo wa mango n'kufunsa ngati m'nyumba muli matenda. Ena akuti tapha nkhuku, tikudya mobisa. Kumjigo nkhani yake ndi ina, yoti Patuma apeza mng'ono wake posachedwa. Mayi a Patuma abwera ndowa ili theka, sakundiyang'ana n'komwe.

Lachisanu

Ndatembenuza mawaya. Tsopano chotsegula, zii, chotseka, nyimbo. Pogona ndizizula waya ndekha, si nkhani.

Ndikuchokera kumzikiti, mtima uli m'malo, kamphepo kayaziyazi. Patali ndikumva ng'oma. Ndikuti, kodi ukwati uli kwa yani Lachisanu? Ndikuvinira pang'ono ndi mutu. Kuyandikira, ndi kwathu! Mayi a Patuma anatseka chitseko kuti aswali, chinyimbo cha m'malo omwera mowa n'kuphulika ali pamkeka wopempherera. Swala saidula pakati, ndiye apirira mpaka kumaliza. Zomwe anena pambuyo pake zinali m'Chiyao chozama, ndatolapo dzina langa lokha.

Loweruka

Chitseko ndasiyana nacho. Kaswichi ndakaika pansi pa khushoni ya mpando wanga: kukhala, nyimbo, kudzuka, zii. Iyi ndiye nzeru! Sindingaiwalenso, poti popita kudimba sindinyamula mpando. M'mawa wonse ndangokhala maso otsinzina, ndikuona ana anga akupanga ndege.

Kenako odi pakhomo. Che Yusufu. Mlendo, ndiponso mwini mbumba, ungamukhazike pati? Mpando m'nyumba muno ndi umodzi. Kungokhala, nyimbo! Adzuka, akhalanso, aseka mpaka misozi. "Alamu, ndinu injiniya! Iyayi, musazule, imveke."

Akhala. Tiyi wabwera, akhala. Afotokoza za thonje, za mvula, za maliro a chaka chatha. Ine ndili pamphasa, maso pa kagetsi ka batire. Mlendo sumuuza kuti adzuke. Chakumadzulo nyimbo yayamba kulira ngati mbuzi yodwala, kenako zii, iwo akadali pampando. Mayi a Patuma angondionetsa foni yozima.

Lamlungu

Njinga ya kabaza yabwera m'mawa. Ampulifaya yapita, masipika apita. Mpando nawo wapita, alamu akuti popanda uwo sizikoma. Ndathandiza kumanga katundu, ndawauza kuti asamaike padzuwa, imatentha msanga.

Zandiwawa kuposa momwe ndimaganizira. Batire yadzadza, foni ikulira, maoda akubwera. Pashelefu patsala malo oyera opanda fumbi, ndakhala ndikuwayang'ana mpaka mayi a Patuma aikapo fulasiki ya tiyi. Andifunsa ngati yakhala bwino pamenepo.

Ndati yakhala bwino.