Chithunzi cha Amalume pa Vidiyo ya Ukwati

Lolemba
Tadala, mlongo wanga, akufuna kavidiyo koitanira anthu ku ukwati wake ndi Yohane. Kakuyenera kupita pa gulupu ya banja ya pafoni Loweruka. Ndamulonjeza chinthu chaudongo choti asachite nacho manyazi. Miyezi itatu ndakhala ndikuphunzira zimenezi pafoni, m'takisi yochokera ku Diepsloot kupita kokadula kapinga ku Fourways, kuno ku Joni. Malamulo ndikuwadziwa:
- chofunika kwambiri chikhale chachikulu
- zoyendera limodzi ziyandikane
- zilembo za mitundu iwiri basi
- pena pazikhala popanda kanthu, maso azipuma

Ndaika awiriwo pakati, tsiku ndi malo m'munsi. Kakongola.

Lachiwiri
Ndalakwa ndine, ndaonetsa amalume. Iwo ndiwo ankhoswe, ndipo anagwirako kumigodi, ndiye palibe chimene sachidziwa. Aloza malo oyera aja ndi chala: "Apa mpomwe sunamalize?" Ndikufotokoza za kupuma kwa maso, iwo akuti maso amapuma munthu akagona. Akufuna maluwa, nkhunda ziwiri, mphete zozungulira. Ndaika nkhunda imodzi, mtima ukuwawa.

Lachitatu
Amalume atumiza chithunzi chawo. Suti yakuda, duwa pachifuwa. Ndachiika pakona, chaching'ono. Foni yalira ndili pakati pa kapinga: "Iwe mfana, ndinafika ku Joni kuno usanabadwe. Mutu wanga ungachepe kuposa wa mkamwini?" Ndakulitsa. Akuti onjezera. Ndaonjezera. Ndapsa mtima mpaka ndadula maluwa a abwana ndi makina.

Lachinayi
Akuchimuna amva kuti amalume alimo m'kavidiyo. Lero zafika izi:
- mayina khumi ndi anayi a kwa Yohane, lililonse ndi "a Bambo" kapena "a Mayi" wake
- chithunzi cha kwaya yonse
- vesi, osati lalifupi
- pempho la amayi ena loti dzina lawo likhale lofiira, poti saona bwino

Malo atha. Wina ayenera kusuntha, ndipo amalume sasuntha. Ndafunsa Yohane. Munthu wofatsa ngati uyu sindinamuonepo. "Ine paliponse, alamu, sharp." Paliponse! Mwini ukwati!

Lachisanu
Zilembo zafika mitundu isanu ndi iwiri. Zofiira zakhala pa zobiriwira, ukaziyang'ana misozi ikutuluka. Nkhunda ikudutsa pa tsiku la ukwati nthawi yomwe munthu akufuna kuliwerenga. Yohane ali m'munsi kumanzere, pafupi ndi a kwaya, mutu ngati njere ya mtedza.

Ndauza Tadala kuti chinthuchi chaonongeka, tibwerere ku cha Lolemba chija. Akuti sakufuna kukangana ndi ankhoswe ukwati usanachitike. Ndamumvetsa, koma ndakwiya nayenso.

Loweruka
Ndapita kwa amalume ku Doornfontein kuti ndikayese komaliza. Ndawaonetsa poyera: pamwamba palembedwa UKWATI, pansi pake pali iwo ndi suti ndi duwa, pambali pawo Tadala ndi diresi loyera. Ndati anthu akaona awiri aakulu oyandikana amaganiza zawo. Akuti ndili ndi maganizo oipa, aliyense amawadziwa. Alanda foni, atumiza okha pa gulupu. Kenako andiuza kuti ndili ndi luso, lochokera kwa iwo.

Lamulungu
Kavidiyo kadutsa gulupu yathu, kafika magulupu ena kwathu ku Ntcheu. Kuyambira m'mawa foni ya amalume sikupuma. Anthu akuwayamikira kuti akadali ndi mphamvu. Ena akufunsa kuti mpingo walola bwanji mitala, komanso ndi mwana wa mlongo wawo. Tadala akulira, sakundiyankha. Yohane wafunsidwa kawiri ngati ayimbe nawo kwaya pa tsikulo.

Akazi awo a amalume, omwe ali kumudzi, sanaimbe foni. Akwera basi dzulo madzulo, afika mawa.

Amalume andiimbira, mawu ali pansipansi: "Mphwanga, chithunzi chija sungachichepetseko?"

Ndingathe. Koma basi ili kale ku Tete.