Gumbagumba ya pa Chinkhoswe cha Tadala

Lolemba

M'mawa ndinali wa m'gadeni, madzulo ano ndine DJ!

Adona a ku Hillcrest, ku Durban kuno, kumene ndimagwira ntchito, akusamuka. Akutsatira ana awo kunja, ndiye akugawa katundu. Mayi ochapa alandira makatani. Ine andipatsa katoni yaikulu yomata ndi selotepi. "Music," atero, akumwetulira. Ndasuzumira pakona. Ma CD okhaokha mpaka pakamwa! Kunyezimira kwake!

Zangokumana bwino. Loweruka lino ndi chinkhoswe cha Tadala, mwana wa achemwali anga, ku Tongaat. Ndinalonjeza mphatso yaikulu koma mpaka dzulo sindimadziwa kuti ndi yanji. Ndi imeneyi.

Ndawaimbira achemwali ndili mu teksi, monong'ona, poti Chichewa chokweza mu teksi sichifunika. Ndati DJ munapangana naye uja muuzeni apume, nyimbo zonse zili ndi ine. Iwo: "Ukunena zoona iwe? Perekani-perekani wopanda nyimbo anthu satulutsa kanthu." Ndati achemwali, mtima ukhale m'malo.

DJ uja amuuza. Akuti wakwiya. Zake izo.

Chatsala ndi choimbira basi. Chikhale:
- chokuwa, nzimbe zizigwedezeka mpaka kufakitale
- cha chogwirira, ndidzatsike nacho teksi anthu akuona
- cha timagetsi tothwanima, ngati zingatheke
- chasiliva. Chakuda ayi, si maliro.

Katoni ili pansi pa bedi. Gift, amene timagona chipinda chimodzi pafulati ku Berea kuno, akuti titsegule tione. Ndakana. Zala zake zimakhala za mafuta a tchipisi.

Lachiwiri

Ndaweruka masana. Tauni!

Shopu yoyamba, yamagalasi, yozizira ngati mufiriji. Ndafunsa m'Chizulu changa chobwereka. Mtsikana wogulitsa wandiyang'ana, kenako waitana mnzake kuti ndibwereze funso amve onse. "Eish, baba, CD?" Wandionetsa kasipika kofanana ndi sopo wosambira. Akuti kamakoka nyimbo mufoni popanda nthambo. Ndakatembenuza mbali zonse, polowetsa CD palibe. Ndiye katoni yanga ija ndiidye?

Shopu yachiwiri, chimodzimodzi.

Yachitatu mlonda wayang'ana magambutsi anga, ndangodutsa ngati sindimafuna kulowa.

Kenako kashopu ka zinthu zakale kuseri kwa renki ya mateksi. Maayironi, maketulo, mafani opanda mapiko. Ndikulimbana ndi Chizulu, mwini shopu wangoti, "Achimwene, musavutike, lankhulani za kwathu." Che Saidi a ku Mangochi! Akuti andizindikira pa moni, ndagwira chigongono.

Atsitsa zitatu:
1. Kakang'ono kobulungira, ka mahedifoni, kolowa m'thumba la jekete. Kakumveka bwino zedi. Vuto lake akumva ndi munthu mmodzi. Che Saidi akuti alendo akhoza kumalandizana.
2. Gumbagumba yasiliva. Chogwirira chilipo, CD pamwamba, kaseti kutsogolo, eriyo yothyoka pakati.
3. Chachikulu, cha masipika awiri apadera, chomeza ma CD atatu nthawi imodzi n'kumawasintha chokha. Kulemera ngati thumba la simenti.

Mtima uli pa chachitatu, msana uli pa chachiwiri. Ndazungulira, ndagogoda, ndanunkhiza. Ndati ndibwera mawa.

Lachitatu

Yasiliva! Ndasankha.

Che Saidi aiyesa ndi CD yawo, yaimba bwinobwino. Ndaona kuti dzanja lawo silikuchoka pachivundikiro. Ndimayesa akutsanzikana nayo.

Mu teksi ndaiika pamiyendo. Mayi wina waisisita n'kunena kuti yotere inali kwawo ali mtsikana. Mayiyo ali ndi imvi.

Kufika kufulati, chivundikiro sichitsekeka. Ukachotsa dzanja chikudzuka pang'onopang'ono ngati munthu woyasamula, nyimbo zii. Zomwe tayesa kutsindira:
- selotepi. Yamatuka.
- Baibulo la Gift. Kulemera kwake n'koyenera, koma mwini wake akuti silingakhalire nyimbo zadziko.
- paketi ya shuga. Nyerere.
- njerwa yotchingira chitseko. Yagwira!

Siliva ndi njerwa sizikugwirizana kwenikweni. Ndidzaikulunga ndi pepala la mphatso.

Tsopano katoni. Gift wasamba m'manja, akuwerenga zikuto poti Chizungu chake n'chothamangako:
- kulira kwa anangumi pansi pa nyanja
- phunzirani Chitaliyana muli pagalimoto
- nyimbo za Khirisimasi, mulu wonse
- mayi wina wongouza anthu kuti kokani mpweya, tulutsani mpweya
- bambo wonenepa wokuwa ngati amuponda chala
- nyimbo zotonthoza agalu kukamagunda mabingu
- azibambo andevu oliza akodiyoni, akuimba m'Chiafirikanzi

Gift ali pansi, akugubuduka ndi phwete. Ndamuuza kuti katoni ndi yakuya, zabwino amaika pansi. Tafika pansi. Za agalu zinanso.

Achemwali aimba. "Zikuyenda?" Ndati zikuthamanga.

Lachinayi

Kuntchito ndafunsa adona mwaulemu ngati muli zovinika m'nyumbamo. Asangalala kwambiri! Alowa, atuluka ndi katoni yachiwiri. Ndalandira ndi manja awiri. Ndatsegula kuseri kwa garaja. Mbalame za m'nkhalango. Mafunde. Mvula ikugwa padenga. Mvula, ku Durban kuno, munthu n'kugula!

Ndafunsa Amalawi onse a pafulati pano. Aliyense akuti nyimbo zili mufoni, CD anasiya ku Mwanza pa boda. Wina wandifunsa ngati ndikufunanso nyali ya koloboyi.

Mpulumutsi ndi a Phiri, mkulu wa mpingo wathu, a chipinda cha pansi. Ali nacho chimbale chimodzi cha nyimbo zaukwati za kumudzi, chokulunga mumpango, mkati mwa sutikesi. Andikhazika pansi kaye. Osagwira kunsi. Osapumirapo. Osaika padzuwa. "Chimenechi tinavinira ine ndi amayi anu tsiku la ukwati wathu. Chikakalika, mwana wanga, moni wathu wathera pomwepo."

Ndakwera nacho masitepe ngati ndanyamula dzira.

Chaimba!! Gitala ya kwathu yeniyeni, ng'oma, azimayi a nthungululu. Tsitsi lachita nyaunyau. Ine ndi Gift tadzuka, tayamba kuponda.

Chadumpha.

Taima. Chaimba. Tavina. Chadumpha. Woimba wakakamira pa liwu limodzi, "mkwa-mkwa-mkwa-mkwa," mpaka titakhala pansi ndi pamene wamaliza kuti mkwatibwi.

Ndiye kuti gumbagumba yanga imadana ndi anthu ovina. Tayesa kuiika papilo. Njerwa yatsetsereka. Tayesa kuvina osaponda, mapewa okha. Zikutheka, koma alendo a ku Tongaat ndikuwadziwa, amenewo amakumba pansi.

Chabwino. Mawa ndikukasintha, nditenge chachikulu chija. Mtima unanena kale.

Lachisanu

Ndapeza shopu yotseka, Che Saidi ali ku mzikiti. Ndadikira pakhonde, gumbagumba pamiyendo. Anthu awiri afunsa ngati ndikugulitsa. Atamva mtengo aseka.

Tasinthana. Chachikulu chili pamutu, sipika kukhwapa kumanja, ina kumanzere, chitunda cha Berea chonse. Khosi lafupika.

Talumikiza nthambo. Timagetsi tikuthwanima, tofiira, tobiriwira! Ndadina batani, thireyi yatuluka yokha ngati lilime. Ulemu wake! Ndaika chimbale cha a Phiri. Thireyi yalowa. M'kati mwamveka gudu, gudu, kwee.

Zii.

Pagalasi palembedwa kuti mulibe CD. Mulibe bwanji, ndachiona chikulowa ndi maso angawa! Ndadina mabatani onse, amodziamodzi, kenako onse pamodzi. Thireyi yakana kutuluka.

Tagwiritsa ntchito:
- mpeni wa buledi
- waya wa hang'ala
- mawu okoma
- mawu oipa

Pomaliza tachizondotsa n'kuchikhutchumula, Gift mbali iyi ine mbali iyo. Mwatuluka mphemvu youma, batani la malaya, ndi CD ya munthu wina yophunzitsa zikwangwani za pamsewu. Cha a Phiri chatsalira momwemo.

Ndakumana nawo pamasitepe ndikuthamanga nacho pamutu. "Chikuimba bwino?" Ndati bambo, chili pamalo poti palibe angachikhudze. Bodza palibepo.

Che Saidi akuti wotsegula zimenezi amabwera Lolemba. Andibwezera yasiliva ija. Ndikutuluka andifunsa, "Njerwa munaipeza?" Ndiye kuti amadziwa!

Za mawa zilipo ndi izi: yasiliva, njerwa, azibambo a akodiyoni. Gift akuti ukatsinzina n'kuganiza zina, zikuvinika pang'ono.

Loweruka

Tongaat. Dzuwa, tenti yoyera, fungo la nzimbe zowotcha. Azimayi onse zitenje zofanana. Tadala wawala ngati si yemwe ndinkamubereka kumsana uja.

Ndatsika teksi ndi gumbagumba kudzanja, njerwa m'chikwama. Palibe waomba m'manja. Achemwali ayang'ana kumbuyo kwanga. "Masipika akubwera ndi galimoto ina?" Ndati ndi omwewa, koma ndi amakani.

Soketi ilipo imodzi, yatengedwa ndi firiji ya zakumwa. Ndapempha kuti tizimitse firiji. Komiti yonse yandiyang'ana. Ndathamangira kukashopu, mabatire akuluakulu odzaza jumbo.

MC wakuwa: "A DJ, tiyatsireni moto!"

Akodiyoni.

Akumbuyo akuti sakumva. MC wagunditsa maikolofoni pasipika. Tsopano akumva onse. Kunali bwino asakumva. Amalume ake a Limbani, mkamwini wathuyo, adzuka mwaulemu, aponya mwendo kawiri, aima, afunsa ngati ili nyimbo ya m'buku kuti avule chipewa.

Yakwana nthawi yoti ankhoswe asinthane nkhuku. Achimwene aakulu, amene ndi nkhoswe ya kwathu, alandira tambala. Tambala wapulumuka! Wadutsa pamitu ya anthu, pa mipando yonse ija wasankha kutera panjerwa yanga. Njerwa pachala changa chachikulu. Chivundikiro chayasamula, chimbale chagubudukira kunsi kwa tebulo.

Ndikudumpha ndi mwendo umodzi, ndatola chikuto choyamba chomwe chili ndi anthu akumwetulira. Ndaika. Ndatsindira ndi chigongono. Tadala ndi Limbani agwada kutsogolo kwa makolo, tenti yonse chete, maikolofoni ili pasipika.

Mawu a mayi, odekha, m'Chizungu kenako m'Chitaliyana: sitima yopita ku Roma inyamuka nthawi yanji?

Wabwereza. Wadikira kuti tiyankhe.

Mayi wina wachikulire pampando wakutsogolo wati, "Ameni."

Perekani-perekani. Ndabwezera akodiyoni. Mabatire ayamba kutha, azibambo andevu aja akuimba ngati ng'ombe zodwala. Lichero lili pakati, loyera mbee. Anthu agwira matumba awo, palibe akudzuka. Tadala watembenuka, wandiyang'ana. Bola akanandikalipira.

Achemwali afika pambali panga, mano ali pamodzi. "Zimitsa."

Ndazimitsa.

Sipho, mnzake wa Limbani woyendetsa teksi, wangoti "Sharp, ngiyeza," ndiye kuti chabwino, ndikubwera. Wabweza teksi yake chambuyo mpaka pakhomo pa tenti, watsegula zitseko zonse, walumikiza foni ya Tadala. Nthaka yanjenjemera! Nyimbo za kwathu zomwe zija, ndi zina zoposa. Fumbi kobo! Amalume a chipewa aja afika mpaka pansi. Lichero lasefukira, abweretsa beseni.

Ine ndili pansi pa mtengo wa mango, chala chatupa ngati mbatata. Azimayi akudutsa akundisiyira zikwama kuti ndiwasungire. Wina wandisiyira mwana.

Mpunga unali wokoma.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Nsapato sikulowa, komanso a Phiri amakhala kutsogolo, moyang'ana anthu.

Abwera okha potuluka mapemphero. Gift wawauza kuti ndachoka. Iwo alankhula ndi chitseko cha bafa: "Mawa tipitira limodzi kwa Che Saidi. Uvale zoti utha kuyenda nazo." Ndayankha ndili m'katimo kuti chabwino bambo.

Gumbagumba ili pawindo, kukamwa yasa. Wailesi yake ikugwira siteshoni imodzi, ya mpikisano wa mahatchi. Makatoni awiri ali pansi pa bedi, nsapato zanga zilibenso pokhala.

Achemwali sakuyankha foni. Gift akuti ndiwapatse mwezi.

Masana Tadala watumiza uthenga wa mawu. Ndaumvetsera chala chili m'beseni la madzi amchere. "Amalume, zikomo pobwera, pepani ndi chala. Anthu akuti chinkhoswe chotere sadzachiiwala. Ukwati ndi wa Disembala, komiti yakhala pansi m'mawa uno. Inuyo akuti musadzavutike ndi chilichonse. Mudzangobwera ndi mimba yokha."

Ndayankha kuti sharp.

Ntchito imeneyo ndiye ndimaitha.