Khonde la eni ake

Mpaka lero minibasi ikaima pa Kande ndimawerama ngati ndikumanga nsapato. Pali anthu amene sindifuna kuonana nawo maso.

Inali nthawi ya korona. Ku yunivesite komwe ndimagwira ntchito (dzina ndibisa, ndikadali konko) anatiuza kuti tizigwirira kunyumba. Ndinanyamula laputopu n'kupita kumudzi kwa amayi. Koma kwathu netiweki imapezeka pachulu basi, ndiye msuweni wanga Wezi, yemwe amaphika pa loji ina ya pa Kande, anandipezera malo pakhonde lawo. Alendo kunalibe, khonde lonse linali langa.

Tsiku lina a nkhani za ogwira ntchito, zija amatitumizira pa imelo, anapempha aliyense chithunzi cha pomwe akugwirira ntchito. Anzanga anatumiza matebulo odyerapo, wina mpaka thewera likuoneka pachingwe. Ine ndinajambula mipando yansungwi, maluwa ndi kapu ya khofi (yobwereka), n'kulemba kuti, "Moni kuchokera kwathu." Anachiika pamwamba penipeni. Mafoni oyamikira analira, ndipo sindinakane chilichonse.

Kenako anaimba abwana athu, mayi aulemu wawo.

"Loweruka tikupita ku Mzuzu ndi abambo akunyumba. Tiima pang'ono, tione kwanu kokongolako."

Munthu wanzeru akanaulula pomwepo. Ine ndinati, "Takulandirani, madamu."

Lowerukalo ndinaphimba bolodi la mitengo ya zakudya ndi chitenje, Wezi ndinamuvula epuloni. Alendo anafika, anakhala. Bambo aja anayang'anayang'ana n'kufunsa chifukwa chomwe zitseko zinali ndi manambala.

"Abale ndi ambiri, bwana," ndinatero.

Madamu anaika kapu pansi. "Sitingamwe tiyi pakhomo tisanapereke moni kwa akuluakulu. Amayi ali kuti?"

Ndinati ali kumunda, kutali kwambiri. Sindinadziwe kuti Wezi, mwa ulemu wake, anali atatumiza kale uthenga kwa amayi. Ndisanamalize bodzalo ndinawaona akulowa pageti, atavala chitenje chawo cha kutchalitchi.

"Mwe uli, alendo?" anawalonjera m'chiyankhulo chakwathu akugwada. Kenako anatembenukira kwa ine. "Iwe, alendo ako ukuwakhazika kuno kwa eni ake bwanji? Tiyeni kunyumba, ndasesa kale."

Bambo aja anachita chidwi chachikulu ndi denga.

Tinatsetsereka kanjira kodutsa m'munda wa chinangwa, ine pambuyo. Amayi anayala mphasa pansi pa mango, anaotcha usipa, ndipo madamu anadya mpaka kunyambita zala. Za chithunzi sanatchule. Pokwera galimoto anangoti, "Yewo, ama. Kwanu n'kwabwino." Ine anandiuza kuti tionana Lolemba pa msonkhano wa pa intaneti, koma osandiyang'ana.

Ndinkaganiza kuti manyazi athera pamenepo. Pobwerera ndinapeza amayi ataima pabwalo, akuyang'ana nyumba yawo, malata adzimbiri ndi khonde long'ambika, ngati akuiona koyamba.

"Wezi wandionetsa chithunzi chija," anatero motsitsa mawu. "Ukanandiuza kuti akufuna kujambula, mwana wanga, ndikanazira khonde."

Abwana mutha kuwazemba, kamera mumangothimitsa. Koma amayi ndinadya nawo madzulo ake, ndipo anandipatsa nsomba yaikulu ngati masiku onse. Bola akanandikalipira.