Tirigu Wanu Wonenepa Wandidanitsa ndi Mlongo Wanga

Kwa Olemekezeka Mkulu wa Akatswiri a Mbewu,

Bwana, ndagwada. Ine ndine mayi wophika buledi, sukulu yanga inathera pa uvuni, choncho mundikhululukire polembera inu amene mumaona ngakhale za m'kati mwa njere.

Choyamba, zikomo chifukwa cha tirigu watsopano uja. Ndinamva pa wayilesi kuti munatha zaka khumi ndi ziwiri mukukwatitsa mitundu ya tirigu, kuyeza njere iliyonse msinkhu ndi mimba yomwe, mpaka munapeza yobulungira, yonenepa, yotulutsa ufa wambiri pachigayo. Simunaname, ufa ndi wambiri ndipo ndi woyera mbee.

Chachiwiri, zikomo pondiphunzitsa kudzichepetsa. Ufa wanu sufufuma. Ndikaukanda, m'malo motamuka umangoduka, ndipo mu uvuni umatuluka monga unalowera. Yisiti ndasintha katatu. Kalipentala amene wadya buledi wanga zaka zambiri anandiuza mwaulemu kuti mano omwe amutsalira akuwafunabe, n'kusamukira kwa wophika wina.

Chachitatu ndiye chikundidya mumtima. Amene amandigayira ufa ndi mlongo wanga, wa bere limodzi. Poti sindikanaganiza kuti anthu ophunzira ngati inu angaphonye, ndinathamangira kuchigayo kwake n'kumunena pamaso pa antchito ake kuti akuthira zinthu mu ufa kuti andibere. Anangozimitsa injini, n'kundipatsa matumba anga. Tsopano yakwana miyezi inayi osalankhulana. Mwana wake akukwatiwa mwezi wamawa, ndipo ine, azakhali ake enieni, ndamvera kwa anthu.

Sabata yatha m'pamene mlangizi wanu wina anandinong'oneza kuti pothamangitsa kunenepa, mphamvu imene imagwira mtanda inatayika m'mbewumo. Akuti ku ofesi kwanu makina ojambulira njere alipo asanu, koma uvuni mulibe. Sindikukudzudzulani ayi. Chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere, koma kodi munthu wamkulu ngati inu angamataye nthawi n'kung'amba nkhuyu?

Pempho langa ndi laling'ono. Tsiku lina mukapezako mpata, munditsogolere kuchigayo, mukamuuze mlongo wanga ndi pakamwa panu kuti si wakuba. Kupepesa ndikapepesa ndekha, poti pakamwa panali panga. Ine akangondiona amatseka chitseko, koma inu akhoza kukutsegulirani, chifukwa sanadziwebe kuti ndinu ndani.

Ine wantchito wanu wopanda pake,
Wophika buledi wosafufuma